Soketi imene inakana kutuluka m'dzenje

Poti amene anajambula kavidiyo kaja wayamba kale kukagawa, bola ndifotokoze ndekha musanathiremo nsinjiro zanu. Inde, ndine amene mukundiona nditagona chafufumimba pa injini ya BMW 335i, tochi ili kukamwa, ndikuchonderera dzenje. Ayi, sindinkalira. Linali thukuta.

Ntchito inali yosintha mapulagi, ndipo mwini galimoto anandichenjeza ndithu kuti mapulagi a injini imeneyi, ya N54, amafuna soketi yakeyake, kachitsulo kabowo kamene umaveka pamutu pa pulagi poimasula. Ine ndinaseka n'kumuuza kuti pulagi ndi pulagi basi. Safunsa anadya phula, amwene.

Mapulagi amene ambirife tinazolowera mutu wake ndi wa 16 mm kapena 21 mm, wa mbali 6. A N54 ndi a 14 mm, a mano 12, ndipo amakhala pansi pa dzenje lakuya, lopanikizika, chifukwa injekita, ija yopopera petulo, inayikidwa pakati pa silinda, moyandikana ndi pulagi, ndiye malo anatsala ochepa. Soketi yoyenera ndi ya 14 mm, mano 12, yakhungu lopyapyala. Ine ndinali ndi ya 14 mm, mano 12, yayitali bwino, koma yonenepa ngati ya mabawuti wamba. Mwa zinthu zitatu ndinakhoza ziwiri, pamayeso kumeneko n'kukhoza, musaiwale.

Ndinachotsa koilo, ija imakhala pamwamba pa pulagi kuipatsa moto, n'kupemerera fumbi m'dzenje ndi mpweya kuti lisagwere mu silinda, injini ili yozizira monga kuyenera, poti hedi, mutu wa injini, ndi ya aluminiyamu ndipo mazinga ake sachedwa kudyeka ikatentha. Zimenezi wakavidiyo sanajambule. Anayamba kujambula pamene soketi inatsika n'kuima panjira, ine n'kumenya extension, ndodo yachitsulo yotalikitsira soketi, ndi chikhatho. Kamodzi kokha. Chabwino, katatu, ndipo kachitatuko chinali chogwirira cha hamala.

Inalowa. Nditakoka, extension inatuluka yokha, ili mbee, soketi itatsala pansi.

Ndinasuzumira. Soketi nayo inandisuzumira ndi kadiso kake ka ngodya zinayi kaja. Tinayang'anana nthawi yaitali ndithu, ngati wangongole ndi mwini ndalama akakumana pa kanjira kopanda pokhotera. Ndinabwezera extension, inati kwapu, ndinakoka, inatulukanso yokha. Kakhumi konse. Kampira kachitsulo kamene kamagwira soketi pa extension kanapangidwa kuti kanyamule soketi, za kuzula chitsulo chokhomeredwa ndi hamala sikadziwa. Ndinatsitsa maginito a pa kamtengo kotalikitsa aja. Anamata bwinobwino, ndinakoka ndi mtima wonse, mutu wa maginitowo n'kuguluka, nawonso n'kukhala komweko. Tsopano m'dzenje munali pulagi, soketi ndi maginito, banja likukula. Apa m'pamene mukundimva m'kavidiyomo ndikuti, "Tulukani, bambo, tikambirane." Soketi ndinaipatsa ulemu umene sindinapatsepo apongozi.

Mwini galimoto anangoti manja m'thumba, n'kufunsa mwaulemu ngati pulagi akadali pulagi basi.

Chimene chinandipulumutsa, maginito nditawawedza ndi pulayala yamlomo wautali, ndi locking extension, ija ili ndi kakolala kotsekera kuti soketi isavuke mpaka utakankha wekha. Ndinathira timafuta pang'ono m'mbali mwa soketi, n'kumaigwedeza uku ndi uku ndikukokera m'mwamba mowongoka. Kupotokola mwamphamvu ayi, chifukwa soketi ikapendekeka imaswa chadongo choyera cha pulagi, ndipo tizidutswa take tikagwera mu silinda ndiye kuti nkhani yasanduka yotsegula injini. Inatuluka patatha ola, ili ndi mikwingwirima.

Soketi yoyenera itabwera, inatsika yokha osakhudza khoma paliponse. Kusiyana kwa kunenepa kwake ndi yanga ija kunali ngati mamilimita awiri okha. Mamilimita awiri! Munthu n'kutaya ulemu wa zaka zambiri.

Pogula, yezani kunja kwa soketi, nambala yolembedwapo imangonena za mkati. Werengani mano a pulagi yatsopano ili m'manja, soketi ya mbali 6 sikhala pa mutu wa mano 12. Masilinda akumbuyo, wa 5 ndi wa 6, ali pansi pa chivundikiro cha kumunsi kwa galasi lakutsogolo, choncho chotsani chivundikirocho kaye, ndipo soketi yokhala ndi mfundo yopindika imathandiza. Pa Toyota 86 ndi Subaru BRZ vuto ndi lina: mapulagi ali m'mbali, moyang'anizana ndi chasisi, ndiye umalowetsa soketi payokha, kenako extension yaifupi, kenako ratchet, chogwirira chopotokolera chija, chimodzichimodzi, potuluka chimodzimodzinso. Pulagi yatsopano muziyamba kuimanga ndi zala, ratchet isanayandikire, kuti mumve ngati mazinga akwerana molakwika. Pomaliza mangani ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, 23 Nm pa N54. Mafuta oletsa dzimbiri pa mazinga musapake, mapulagi amakono amabwera atakutidwa kale ndipo mafutawo amachititsa kuti mumange mopitirira.

Za kusankha pakati pa soketi yogwira pulagi ndi maginito ndi yogwira ndi labala mkati, ine tsopano ndili ku maginito, ndipo chifukwa chake wakavidiyo anachiphonya poti foni inamuthera moto. Titamaliza mapulagi onse 6, koilo ya silinda yachinayi inakana kukhala. Ndinakankha, ndinaitukwana chamumtima, ndinatsala pang'ono kutenganso hamala ija. Kuunika ndi tochi, kalabala ka m'soketi yatsopano kanali katavuka n'kutsalira pa pulagi, kali phee ngati chipewa.

Ndinatenganso pulayala ija. Nthawi ino sindinalankhule nako, ngakhale kanali koyenera mawu awiri atatu. Hamala mwini galimoto anali ataibisa kale, ndipo mpaka lero sanandibwezere.