Loweruka pa seva yomangidwa kuti ithyoledwe

Lero ku mpira sindinapite. Ndakhala pa laputopu kuyambira m'mawa ndikuthyola seva imene eni ake anaimanga dala kuti anthu aziphunzirirapo kuthyola. Dzina lake ndi Metasploitable 2, inatulutsidwa ndi kampani ya Rapid7 mu 2012, ndipo mkati mwake muli Ubuntu 8.04 wakalekale, wodzaza ndi mapulogalamu amene mabowo ake anadziwika kale kwambiri. Fayilo yake imaposa 800 MB, ndiye ndinaikopa dzulo pakati pa usiku bandulo ikatsika mtengo. Amene amadzigulira yekha data wamvetsa.

Ndisanachite china chilichonse ndinayamba ndakonza netiweki. Mu VirtualBox ndaikamo makompyuta awiri ongoyerekezera: ina ya Kali Linux, yodzaza ndi zida zoyesera chitetezo, yomwe ndi yanga youkirira, inayo ya Metasploitable, yoti iziona zakuda. Onse awiri ndawaika pa host-only kuti azilankhulana okhaokha mkati mwa laputopu, osatulukira pa wifi ya pakhomo pano kapena pa intaneti. Pamenepa sipofunika kuchitapo ulesi. Seva imeneyi dzina lolowera ndi msfadmin, pasiwedi yakenso ndi msfadmin, ndipo zimenezi zalembedwa poyera pa sikirini ikangoyaka. Mukaisiya pa netiweki ya anthu ambiri, ndinu amene mwabweretsa vuto m'nyumba.

Kenako nmap, pulogalamu imene Gordon Lyon anaitulutsa mu 1997 ndipo mpaka lero ndi imene aliyense amayambira. Ntchito yake ndi kufunsa seva kuti ndi ma port ati, makomo ake okhala ndi manambala, ali otsekula ndipo kuseri kwake kuli chiyani. Yankho linadzaza sikirini: 21, 22, 23, 25, 80, 139, 445, 3306, 5432, 5900, mpaka 8180. Pa 1524 pokha ndinaseka ndekha, chifukwa ukangolumikizana napo umapezeka uli root, mwini wa zonse, popanda wokufunsa kuti ndiwe yani.

Pa 21 pali vsftpd 2.3.4, pulogalamu yotumizira mafayilo, ndipo mbiri yake ndi yoona. Mu Julaye 2011 zinadziwika kuti wina anasintha fayilo ya pulogalamuyi pamalo pamene anthu amaikopera, n'kubisamo khomo lakuseri. Ukalemba dzina lokhala ndi kankhope komwetulira, kaja ka :), seva imatsekula port 6200 n'kukupatsa ulamuliro wonse. Ndayesa, zatheka. Koma kunena zoona, pamenepo sindinachedwepo. Metasploit, chida chothyolera cha mu Kali, imachita zonse yokha, iwe umangolemba adiresi n'kudina Enter. Umamva ngati katswiri, koma m'mutu simunalowe kanthu kupatula mbiriyo.

Kumene ndinakhalitsa ndi pa port 80, pa DVWA, kawebusaiti ka PHP ndi MySQL kamene kali ndi milingo ya chitetezo yoti uzisankha wekha. Ndinalowa ndi admin ndi password, n'kutsitsa mlingo kufika pa low, n'kupita pa tsamba la SQL injection, kumene ndi kulowetsa malamulo ako mu funso limene webusaiti imatumiza ku database, nkhokwe yake ya data. Pali kabokosi kamodzi kofunsa User ID. Ukalemba 1, kakubweretsera dzina la admin. Ukalemba 2, dzina la munthu wina. Ndiye ndinalemba kachizindikiro kamodzi kokha ka aposityrofi, ndipo tsamba lonse linasanduka dandaulo la MySQL lakuti funso silikumveka.

Dandaulo limenelo ndiye umboni. Likusonyeza kuti zimene ndalemba sizinapite ku database monga yankho la mlendo, zapita monga mbali ya lamulo lenilenilo. M'munsi mwa tsambalo muli batani la View Source, ndipo kwa ine batani limeneli ndi limene limapangitsa DVWA kukhala sukulu osati choseweretsa. Ukalidina umaona kodi ya PHP imene ikuyendetsa tsambalo. Pa low wolemba anangotenga zimene munthu walemba n'kuzimata pakati pa maaposityrofi awiri mu funso la SQL. Ndiye ine ndikabwera ndi aposityrofi yanga, ndatseka chiganizo chake msanga, ndipo zotsatirazo ndi zanga. Ndinawonjezera OR ndi mfundo imene imakhala yoona nthawi zonse, anthu onse asanu a mu tebulo anatuluka. Ndi UNION, lamulo lolumikiza funso langa ku funso lake, ndinakoka ndi mapasiwedi omwe.

Mapasiwediwo sanatuluke ali mawu owerengeka, anatuluka ali ma hash, zilembo zosokonezeka zimene pasiwedi imasandutsidwa isanasungidwe, opangidwa ndi njira ya MD5. Koma nditawayang'ana bwino, wa admin ndi wa smithy anali ofanana ndendende, onse oyamba ndi 5f4dcc3b. Ndisanathyole kalikonse ndinali nditadziwa kale kuti anthu awiriwa ali ndi pasiwedi imodzi, chifukwa sanathiremo salt, tizilembo tachisawawa timene timayenera kuphatikizidwa ku pasiwedi ya munthu aliyense isanasandutsidwe hash. Ndinawapereka kwa John the Ripper, pulogalamu yothyola ma hash, pamodzi ndi fayilo ya rockyou.txt, ndipo tiyi asanazizire zonse zinali poyera: password, abc123, charley, letmein. Fayilo ya rockyou ija, ya mapasiwedi oposa 14 miliyoni imene imabwera kale mu Kali, inachokera ku kampani ya RockYou imene inathyoledwa mu 2009, ikusunga mapasiwedi a anthu oposa 32 miliyoni osabisa n'komwe. Ndipo akubawo analowa ndi SQL injection yomweyi. Ndiye kuti bowo limene ndikuphunzira lero ndi lomwe linabala chida chimene ndikugwiritsa ntchito.

Pa nkhomaliro anafika msuweni wanga wamng'ono amene ali ku koleji. Ataona zilembo zikuthamanga pa sikirini yakuda anaiwala ndi nsima yomwe.

"Achimwene, ndiye mwayamba za uhaka? Basi mundithandize. Pali wina ndikufuna ndione zimene amalemba pa Facebook."

Ndinamuuza kuti asambe m'manja adye kaye. Kenako ndinamufotokozera kuti seva iyi ndi yanga, ili m'laputopu yanga, ndipo eni pulogalamu anaipereka kuti izichitidwa zimenezi. Akaunti ya munthu wina si yanga ndipo si yake. Kuno kwathu kuli lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, ndipo kulowa mu kompyuta kapena mu data ya wina popanda chilolezo ndi mlandu wa chindapusa ndi ndende. Lamulo lomwelo ndi limene linakhazikitsa Malawi CERT, gulu lothana ndi ziwembu za pa kompyuta, pansi pa MACRA. Ngakhale amene amalipidwa pa ntchito imeneyi sagwira seva ya kampani asanalandire kalata yosainidwa yonena ma adiresi amene aloledwa kuyesa, masiku ake, ndi zimene sayenera kukhudza.

"Ndiye phindu lake n'chiyani, achimwene?" anafunsa, atakhumudwa ndithu.

Ndinati phindu lake ndi lakuti banki kapena sukulu imve za bowo lake kuchokera kwa ine, isanamve kuchokera kwa wakuba. Anangoti "chabwino" wa munthu amene sanakhutire, n'kupempha ndiwo zina.

Masana ndinakweza mlingo kufika pa medium, ndipo apa ndi pamene tsiku la lero lapindulira. Ndinabwereza aposityrofi yanga ija, sinagwirenso monga m'mawa. View Source inasonyeza chifukwa chake: wolemba wawonjezera mysql_real_escape_string, imene imaika kamzere kopendekera patsogolo pa aposityrofi iliyonse kuti isakhalenso ndi mphamvu. Ukangoona mzere umenewo mtima umakhala pansi, umati apa akonza. Koma mzere wotsatira, funso la SQL lasintha. Nambala ya munthu ija siilinso pakati pa maaposityrofi, yangoikidwa yokha. Ndiye palibe chiganizo choti nditseke, aposityrofi sindikuifunanso. Ndinangolemba 1, OR, ndi 1=1, anthu asanu aja anabweranso. Zili ngati munthu amene wagula loko wodula n'kukhoma pachipata chakumaso, pamene kuseri mpanda unagwa kale ndipo mbuzi zikudya masamba.

Ine ndikuona kuti medium ndi woopsa kuposa low. Low aliyense amamuona kuti ndi wabowo, ngakhale wophunzira wa chaka choyamba. Medium ali ndi chizindikiro chakuti munthu anaganizapo za chitetezo, ndipo chizindikiro chimenecho n'chimene chimagonetsa tulo. Bwana akafunsa kuti kodi SQL injection munatseka, wolemba kodi ayankha moona mtima kuti inde, ndipo akhoza kuloza mzere wake. Sakunama. Wangotseka njira imodzi ya chinthu chimene chili ndi njira zambiri. Mawebusaiti ambiri amene ndinawerengapo kodi yake, olembedwa mothamanga ndi munthu mmodzi amene ndi yemweyo wokonza pulinta ya mu ofesi, amafanana ndi medium, osati low.

Pa high wa DVWA yakaleyi anawonjezera is_numeric, kuti chilichonse chosakhala nambala chikanidwe, ndipo pamenepo ndinagonja. M'ma DVWA atsopano muli mlingo wachinayi wotchedwa impossible, umene umagwiritsa ntchito prepared statements: funso limapita ku database palokha, zimene munthu walemba zimapita pazokha, ndipo database singazisokoneze ngakhale ulembe chiyani. Mankhwala ake ndi amenewo, si kusaka zizindikiro zoipa chimodzichimodzi. Chodabwitsa n'chakuti vutoli linafotokozedwa poyera kalekale, mu 1998, m'magazini ya Phrack. Komabe pa OWASP Top 10, mndandanda wa mavuto khumi oopsa kwambiri a mawebusaiti, linali pa nambala 1 mu 2010, mu 2013 ndi mu 2017, n'kungotsikira pa nambala 3 mu 2021. Kampani ya mafoni ya TalkTalk ku Britain inabedwa zinsinsi za makasitomala pafupifupi 157,000 mu 2015 kudzera m'bowo lomweli pa masamba akale a webusaiti amene inatengera kwa Tiscali itaigula, ndipo chaka chotsatira inalipitsidwa mapaundi 400,000. Masamba oiwalika, osati luso lodabwitsa.

Madzulo ndinadzikakamiza kuchita mbali imene siikoma: kulemba lipoti ngati kuti pali kasitomala amene akudikira. Bowo lililonse ndi malo ake, njira yobwerezera kuti wina aone yekha, zimene wakuba angatenge, ndi kakonzedwe kake. Kuthyola kunali kofulumira, kulemba kwanditengera mpaka mdima. Povuta kwenikweni ndi kufotokozera munthu amene sadziwa SQL chifukwa chimene mzere wa pa medium uja sukukwanira, popanda kumuchititsa manyazi wolemba wake, chifukwa ndi yemweyo amene akonze. Ndalemba kuti njira imene anasankha imateteza mawu okhala pakati pa maaposityrofi koma siiteteza manambala, ndipo ndaika chitsanzo cha prepared statement pansi pake kuti angokopera. Pa mapasiwedi ndalangiza kusiya MD5 n'kupita ku bcrypt, imene PHP yamasiku ano imapereka kudzera mu password_hash, salt ili kale momwemo.

Ndisanazimitse ndinatsekula Burp Suite kuti ndione zimene zikudutsa pakati pa browser ndi seva. Mu cookie, kachidziwitso kamene browser imasunga n'kumatumiza ku seva, muli mawu akuti security=medium, olembedwa poyera. Ndiye kuti mlingo wa chitetezo seva imaumva kuchokera kwa ine mlendo, ndipo ndikhoza kuusintha ndekha ulendo uli mkati. Ndabwezera Metasploitable pa snapshot ya m'mawa kuti ikhale yoyera. Mawa tikaweruka ku tchalitchi ndiyambira pa cookie imeneyo, kenako XSS, bowo lina lolowetsera kodi yako pa tsamba limene ena akuona.