Named ikuti fayilo palibe, koma ine ndikuiona

Seva ya DNS (yomasulira maina a pa intaneti kukhala ma adiresi a IP) ya ku ofesi yathu imayendera Debian ndi BIND 9. Titaibwezeretsa kuchokera ku backup, named, pulogalamu ya BIND yomwe imayankha mafunso a DNS, inakana kudzuka. Ndinayamba ndi `journalctl -u named`, ndipo mizere yomaliza inali yoti `open: /etc/bind/named.conf: file not found`, kenako `exiting (due to fatal error)`.

Ndinalemba `ls -l /etc/bind/named.conf`. Fayilo inalipo, yathunthu, ya gulu la bind. `named-checkconf`, yomwe imafufuza zolakwika mu fayiloyi, nayo sinadandaule chilichonse. Apa ndi pomwe anthu ambiri amayamba kusintha ma permission mwachisawawa, ena mpaka kuika 777 (kupatsa aliyense chilolezo chonse), zomwe sindigwirizana nazo ngakhale pang'ono. Named ikamanidwa chilolezo imanena kuti `permission denied`. Yanga inkanena kuti fayilo kulibe, ndiye funso linali loti ikuyang'ana ili pati.

Yankho ndinalipeza mu `/etc/default/named`, pa mzere wa OPTIONS: `-u bind -t /var/bind9/chroot`. Kachilembo ka `-t` kamauza named kuti ilowe kaye mu chroot isanawerenge named.conf. Ikalowa mmenemo, foda ya `/var/bind9/chroot` imasanduka mizu ya dongosolo lonse, ngati munthu wotsekeredwa m'chipinda amene sadziwa kuti nyumbayo ili ndi zipinda zina. Choncho ikamati `/etc/bind/named.conf`, kwenikweni ikufuna `/var/bind9/chroot/etc/bind/named.conf`. Uthenga wa mu log susonyeza njira yonseyo, n'chifukwa chake umasocheretsa. Backup yathu inali itatenga `/etc` yokha, foda ya chroot inabwera yopanda kanthu.

Kuti nditsimikize, ndinayendetsa `named-checkconf -t /var/bind9/chroot /etc/bind/named.conf`. Nthawi yomweyo inabweretsa vuto lija.

Kukopera named.conf yokha sikunakwanire. Pa Debian yathu fayiloyi inkangoitana anzake kudzera mu `include`: named.conf.options, named.conf.local ndi named.conf.default-zones. Ndinakopera foda yonse ya `/etc/bind` kulowa mu chroot, kenako ndinapanga `var/cache/bind` ndi `run/named` mkati mwa chroot, n'kuonetsetsa kuti akaunti ya bind, yomwe named imayendera, ingathe kulembamo. Chomwe chimaiwalika mosavuta ndi `root.hints`, mndandanda wa ma seva a pamwamba penipeni a DNS, chifukwa imakhala kutali, ku `/usr/share/dns`. Nayonso iyenera kulowa mu chroot pa njira yomweyo.

Ndisanabwerere kwa systemd, yomwe imadzutsa named nthawi zonse, ndinadzutsa named pamanja ndi `named -g -u bind -t /var/bind9/chroot`. Ndimaikonda `-g` chifukwa zonse zimalembedwa pa sikirini pomwepo. Ulendo uno panatuluka `permission denied`, ndipo `dmesg` inaonetsa kuti AppArmor, chitetezo chomwe chimaika malire pa mafayilo omwe pulogalamu ingakhudze, ndiyo ikutchinga, popeza profile (malamulo) yake ya named sidziwa za foda ya chroot. Ndinawonjezera njirayo mu `/etc/apparmor.d/local/usr.sbin.named`, n'kuyendetsa `apparmor_parser -r` pa profile yaikulu.

Named inadzuka n'kuyamba kumvetsera pa port 53, ndipo `dig @127.0.0.1` pa dzina la zone yathu (maina omwe sevayi imasunga) inayankha NOERROR, kutanthauza kuti funso layankhidwa popanda vuto. Tsiku lomwelo ndinaika `/var/bind9/chroot` pa mndandanda wa mafoda olowa mu backup.