Loweruka la sandipepa ndi kabotolo ka penti

Lero ndinapatula tsiku lonse kuti ndikonze malo amene galimoto yanga inakalika. Mzere wa pachitseko chakumbuyo ndakhala ndikuuona kwa kanthawi, koma sabata ino ndinapeza kuti kumapeto kwake kwayamba kadontho kofiirira. Dzimbiri likangoyamba limayenda pansi pa penti osaoneka, kenako penti imatukumuka n'kuyamba kusupuka. Ndiye ndinati ntchito zina ziyambe zaima kaye.

Ndinayamba m'mawa dzuwa lisanakwere, galimoto ndikuiimika pamthunzi. Chitsulo chikatentha, penti imauma isanakhazikike bwino ndipo mankhwala opukutira amangomatirira, choncho ndinayamba ndagwira chitseko ndi dzanja kuti ndimve ngati n'chozizira. Kenako kutsuka. Ndinatsuka mbali yonse ndi sopo wa galimoto ndi madzi ambiri, osati pokalika pokha ayi, chifukwa kamchenga kamodzi kakatsalira n'kulowa m'nsalu yopukutira, kamajambula mizere ina yatsopano pomwe munthu ukuti ukukonza. Itauma ndinapukuta malo onse okalika ndi isopropyl alcohol kuti phula lakale lowalitsira galimoto ndi mafuta zichoke. Phula limabisala m'kati mwa mzere n'kumaonetsa ngati ndi waung'ono, komanso penti yatsopano sigwira pamalo a mafuta.

Ntchito imene inanditengera nthawi yaitali m'mawa wonse inali yongoyang'ana. Mwana wanga wamkulu anandigwirira tochi ya foni chapambali, kuwala kukudutsa mopendekera pachitsulo, ndipo mizere imene masana sioneka inatuluka yonse. Ndinaika kachidutswa ka tepi pafupi ndi mzere uliwonse kuti ndisausowenso.

Penti ya galimoto zambiri za masiku ano ili ndi magawo osanjikizana. Pachitsulo penipeni pamakhala zoteteza ku dzimbiri ndi primer, penti yoyambira yothandiza kuti inayo igwire, imene nthawi zambiri imakhala yotuwa. Pamwamba pake pamabwera penti ya mtundu, ndiye pamwamba pa zonse clear coat, yomwe ilibe mtundu koma ndi imene imawala ndi kutchinjiriza mtunduwo ku dzuwa. Zonsezi pamodzi, pa galimoto yochokera kufakitale, zimakwana ma micron 100 mpaka 150 kapena kupitirirako pang'ono, ndipo clear coat payokha imakhala ma micron 40 mpaka 50. Micron imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Kunena kwina, clear coat ndi yopyapyala kuposa pepala lolembapo. Zimenezi ndimafuna munthu aliyense azidziwe asanagwire sandipepa, chifukwa kufufuta mzere sikuudzaza ayi, n'kupala clear coat ya m'mbali mwake kufikira ifanane ndi pansi pa mzerewo. Imene wapala yapita, sibwerera.

Ndiye mzere uliwonse ndinaufunsa funso limodzi: wafika pati? Poyamba ndinkathirapo madzi. Mzere ukasowa pamene panyowa n'kuonekanso pakauma, ndiye kuti uli mu clear coat mokha. Kenako ndinkadutsitsapo chikhadabo mopingasa. Chikangotsetsereka, compound, mankhwala opukutira okhala ndi timchenga tosalala topala clear coat pang'ono, akwanitsa. Chikakodwa, ndiye kuti mzerewo ndi wakuya ndipo kupala kokha sikungauthetse popanda kuwononga. Chomaliza ndinkayang'ana pansi pa mzerewo: ngati pakuoneka zotuwa ndiye primer, ngati pakunyezimira chitsulo kapena pali dzimbiri ndiye kuti magawo onse anadutsidwa.

Pabampala yakutsogolo panali chizindikiro choyera chachikulu chimene ndinachipeza tsiku lina nditabwera pamalo oimikapo magalimoto. Chinkaoneka choopsa kuposa zonse, koma chikhadabo chinandiuza kuti chili pamwamba, chotumphuka, osati chokumbika. Inali penti ya galimoto inayo imene inatsalira pa yanga. Ndinadontheza compound pang'ono pansalu ya microfibre, n'kupukuta mwamphamvu pang'ono, ndipo zoyerazo zinasamukira pansalu. Pansi pake panangotsala kamzere kamodzi kamene kakuonetsa pulasitiki yakuda. Bampala ndi ya pulasitiki, sichita dzimbiri, choncho kameneko sikanandidetse nkhawa.

Mbali ya kumanzere inali ndi mizere yambirimbiri yopyapyala ya nthambi za mitengo, yoyenda kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Yonseyi inkasowa ndi madzi. Ndinagwira kachigawo kamodzi kamodzi, kukula ngati zikhatho ziwiri, compound pasiponji, kupukuta mpaka atayamba kuuma, kenako kuchotsa ndi nsalu yoyera n'kuyang'ananso ndi tochi. Ndi manja zimatopetsa, phewa limachita kuwawa, koma ubwino wake ndi wakuti manja savuta kuimitsa. Makina opukutira ozungulira mothamanga amatenthetsa penti, ndipo m'manja mwa munthu wosazolowera amaboola clear coat m'kanthawi kochepa, makamaka m'mphepete ndi m'makona momwe penti imakhala yopyapyala kwambiri. Ine m'mphepete monse ndinamatamo tepi ya pepala ndisanayambe.

Chinthu china chimene ndinkayang'anitsitsa ndi mtundu wa nsalu. Pa galimoto yokhala ndi clear coat, nsalu siyenera kutenga mtundu wa galimotoyo. Ikayamba kutenga, ndiye kuti waboola, ima pomwepo. Galimoto zina zakale, ndi zina zoyera, zili ndi penti ya gawo limodzi yopanda clear coat, ndipo pa zimenezo nsalu imatenga mtundu kuyambira pachiyambi popanda vuto lililonse. Yanga ndi yasiliva, ili ndi clear coat, ndipo nsalu inangoda ndi litsiro basi.

Panali mzere umodzi pamwamba pa tayala lakutsogolo umene compound anauchepetsa koma osaumaliza. Chikhadabo chinkaumva patalipatali, osakodwa kwenikweni. Apa mpamene ndinatulutsa sandipepa wosalala kwambiri, wa nambala 3000. Ndinamudula kachidutswa kakang'ono, n'kumuviika m'madzi a sopo pang'ono kwa mphindi 15 kuti afewe, kenako n'kumukulunga pa kalabala kofufutira pensulo kuti zala zisakumbe maenje. Kupala kwake n'kopepuka, madzi akuyenderera, mbali imodzi yokha, ndipo pakangopita kanthawi n'kupukuta kuti ndione. Madzi ake amatuluka oyererako, imeneyo ndi clear coat ikuchoka. Malowo akauma amaoneka ozimirira, osawala, ndipo munthu woona koyamba mtima umagunda. Compound ndi amene amabwezeretsa kuwala, kenako polishi wosalala amachotsa timizere ta compound. Ndinasiya kupala mzerewo usanatheretu. Ukayang'ana ndi tochi chapambali ukuonekabe pang'ono, koma ndinasankha kusiya clear coat yokwanira pamalopo. Ikapyapyala kwambiri, dzuwa limaimaliza m'zaka zochepa, imayamba kuyera n'kumasupuka, ndipo pamenepo palibenso chokonza pakhomo, mbali yonse imafunika kupoperanso.

Chakumasana alamu anga anatulukira n'kundipeza nditagwada pambali pa chitseko.

“Alamu, mukuvutikiranji chonchi? Pakanipo mankhwala otsukira mano, ndinaona pa YouTube mzere ukusowa pompo.”

Ndinawauza kuti sakunama kwenikweni. Mankhwala otsukira mano ali ndi timchenga tosalala kwambiri, moti pa timizere tapamwamba zedi amathandizako pang'ono, koma sanapangidwire penti ndipo pa mzere wokodwa chikhadabo sachita kanthu. Zinanso zimene anthu amaonetsa, monga kupopera WD-40, mafuta ofewetsera zitsulo zadzimbiri, kapena kupaka mafuta ena, zimangodzaza mzerewo kuti usaoneke, mofanana ndi madzi aja. Mukatsuka galimoto umabwerera momwe unalili.

“Nanga uwu wa pachitsekowu, simungoupala ndi sandipepa wanuyo?”

“Ayi alamu, tagwirani mumve.” Anadutsitsapo chikhadabo, chinakodwa mpaka kumveka. “Uwu wafika pachitsulo. Ndikati ndipale mpaka ufanane, ndichotsa penti yonse ya m'mbali. Uwu ngofunika kudzaza.”

Anakoka mpando n'kukhala, ndipo anandithandiza kwambiri kugwira tochi mwana atatopa.

Mzere wa pachitsekowu ndi wautali ngati chala, unabwera ndi chogwirira cha njinga. Choyamba chinali kuchotsa dzimbiri lija, chifukwa kupaka penti pamwamba pa dzimbiri n'kulifunditsa chabe, limapitiriza kudya pansi. Ndinamata tepi mbali zonse ziwiri, kusiya mzere wokhawo, kenako ndinapinda kachidutswa ka sandipepa wokhakhala, wa 600, n'kumapala ndi kansonga kake m'kati mwenimweni mpaka chitsulo chitawala. Ndinapukutanso ndi alcohol, n'kudikira kuti paume. Pamalo pamene chitsulo chinali pamtunda ndinadonthezapo primer pang'ono kwambiri n'kuisiya iume monga mwa malangizo a pabotolo.

Za mtundu wa penti ndiyenera kunenapo, chifukwa anthu ambiri amagula poyerekeza ndi maso. Siliva alipo wamitundumitundu, ngakhale kwa kampani imodzi. Galimoto iliyonse ili ndi nambala ya penti yake, yolembedwa pa kachikwangwani kamene kamapezeka pamphuthu ya chitseko cha dalaivala, kapena pansi pa boneti, kwina m'buti. Pa Toyota imalembedwa pambuyo pa zilembo C/TR. Yanga ndi 1F7, siliva. Yoyera yodziwika ija ndi 040, yakuda ndi 202. Nambala imeneyi ndi imene ndinapatsa ogulitsa penti, ndipo anandisakanizira kabotolo kakang'ono pamodzi ndi kena ka clear coat. Ndisanapake pachitseko ndinayesa kadontho m'kati mwa mphuthu, posaonekera, kuti ndione mmene iumire.

Kabotoloko ndinakakhutchumula kwa nthawi ndithu. Penti yasiliva ili ndi tizidutswa ta aluminiyamu timene timakhazikika pansi, ndipo ukapanda kukhutchumula bwino umapaka mtundu wina. Kaburashi kobwera ndi botolo sindinakagwiritse ntchito, n'kakakulu kwambiri, kamasiya chibulu cha penti chimene chimaoneka kuposa mzere womwewo. Ndinatenga kamtengo kotokosera m'mano, n'kuviika nsonga yokha, n'kuigunditsa m'kati mwa mzere. Pentiyo imayenderera yokha m'ngalandemo, iwe ntchito yako n'kungosuntha nsongayo pang'onopang'ono, kadontho pambuyo pa kadontho. Dzanja ndinalitsamiritsa pachitseko ndi kachala kakang'ono kuti lisanjenjemere. Alamu anangoti zii, nawonso akuyang'ana.

Gawo loyamba linaoneka losakwanira, primer ikuonekerabe, ndipo apa mpamene mtima umafuna kuwonjezera nthawi yomweyo. Penti yochindikala imauma pamwamba pokha, m'kati ili yaiwisi, kenako imakwinyika kapena kubonyoka. Ndinadikira pafupifupi theka la ola, n'kupakanso kagawo kena kopyapyala, n'kudikiranso. Mtundu utaphimba bwino ndinasiya, ngalande isanadzaze, kuti clear coat ipeze malo. Tepi ndinaichotsa penti isanaumitsitse kuti isazule m'mphepete.

Alamu ataweramira anati, “Komatu pakuonekabe, pada pang'ono kuposa pena ponse.”

Akunena zoona, ndipo ndinkadziwa kuti zidzatero. Kufakitale penti imachita kupoperedwa, tizidutswa ta aluminiyamu tija timagona chafulati mofanana ndipo timabweza kuwala mofanana. Ukadontheza ndi kamtengo timagona mosiyanasiyana, choncho mtundu umasiyanako ngakhale nambala ili yolondola. Komanso penti ya pagalimoto yakhala padzuwa zaka zambiri, yasintha pang'ono. Pa galimoto yakuda kapena yoyera yopanda zonyezimira, malo okonzedwa amabisika bwino kuposa pa siliva. Amene akufuna kuti pasaoneke n'komwe ayenera kupita kwa amisiri opopera, iwo amapala chitseko, kupopera mtundu mosakanikira ndi wakale, n'kuphimba chitseko chonse ndi clear coat yatsopano. Ine chimene ndinkafuna n'chakuti madzi ndi mpweya zisafikenso pachitsulo, ndiponso kuti munthu woima mapazi angapo asaone mzere. Zimenezo zatheka, ndipo ndakhutira nazo. Chitseko chikanakhala chobonyoka, kapena dzimbiri likanakhala litafalikira mpaka kutukumula penti, sindikanayesa n'komwe pakhomo.

Dzuwa litapendeka ndinapaka clear coat, ndi kamtengo katsopano, mpaka inatumphuka pang'ono pamwamba pa penti yozungulira. Dala ndinatero, chifukwa ikamauma imaphwa. Kamzere ka pabampala kaja ndinakadonthezanso mtundu ndi clear coat, popanda primer popeza n'kakang'ono. Kenako ndinalowetsa galimoto pansi pa denga kuti fumbi ndi mame zisagwerepo, n'kuuza ana kuti asakhudze chitsekocho ngakhale pakuoneka pouma.

Mabotolo ndawatseka zolimba, m'kamwa mwake ndapukuta kuti zivindikiro zisamatirire, ndipo nsalu za compound ndazichapa pazokha. Pachitsekopo ndipasiya osachepera maola 48. Ikauma ndithu ndidzasalaza kachitunda ka clear coat kaja ndi sandipepa wa 3000 wonyowa, pa kalabala komwe kaja, kenako compound ndi polishi. Mbali ya kumanzere ndi pamwamba pa tayala, pomwe sindinapake penti yatsopano, ndapakapo kale phula madzulo ano popeza compound anachotsa lakale lonse. Pachitseko ndi pabampala phula lidikira mwezi wathunthu, kuti penti yatsopanoyo imalize kutulutsa mankhwala ake osungunulira n'kulimba.