Ulendo wa ku situdiyo kwa anzathu aja, ndi nkhani ya ambulansi

Inu amene munatsala zakudutsani. Tinanyamuka mochedwa chifukwa a Tcheyamani anaiwala tchaja ya laputopu mpaka tinabwerera panjira, koma anzathu aja anatilandira bwino osadandaula.

Chomwe tinapitira mukuchidziwa, ma synth athu, zida zathu zopangira sawundi ya nyimbo pakompyuta, amamveka owuma gwa ngakhale titakweza bwanji reverb, ija imapangitsa sawundi kumveka ngati ili muholo. Mkulu wawo anatsegula Vital, pulogalamu ya synth yaulere yopangidwa ndi Matt Tytel, nkutiuza kuti nkhani yonse yagona pa zinthu zitatu, source, destination ndi amount. Source ndi chogwedezacho, kaya LFO (funde lomangokwera ndi kutsika lokha), envelope (youmba mmene noti imayambira ndi kuthera), velocity (mphamvu yomwe wamenyera kiyi) kapena mod wheel (kawilo kapambali pa kiyibodi), destination ndi chogwedezekacho monga cutoff ya filter (malire a pomwe kuwala kwa sawundi kumadulidwira), pitch (kukwera kapena kutsika kwa noti) kapena volume, amount nkuchuluka kwake basi. LFO pa pitch ndiye vibrato, kunjenjemera kwa noti kuja, pa volume ndiye tremolo. Velocity imayenda kuyambira 0 mpaka 127, ukaimangirira ku cutoff ndiye kuti ukamenya kiyibodi mwamphamvu sawundi imawala, ukangosisita imakhala yobisika.

Tsono apa mpomwe panagwa nkhani. Anati aliyense ayese, achimwene athu a bass aja nkudumphira pampando ati izi ndinazidziwa kalekale ine. Anakoka LFO 1 kuti akaiponye pa cutoff koma dzanja linaterereka, inakagwera pa pitch ya oscillator yoyamba, gwero la sawundiyo, amount nkuipotokola mpaka kumapeto, sipika zili full. Atangodina kiyi imodzi chipinda chonse wiiwuu wiiwuu, a msungichuma mpaka anasuzumira pawindo kufuna kuona ngati kunja kwachitika ngozi kkkk. Achimwene aja osavomera, ati Vital ndi yabodza bola tikanagula Serum, synth ina yogulitsa, a msungichuma ati gulu lilibe ndalama zogulira zinthu zoti muzikaliza ambulansi, mawu anakwera ndithu mpaka a Tcheyamani kuimirira. Mkulu uja anangotsegula tsamba la matrix, loonetsa zonse zomwe zalumikizidwa, phee, mzere umodzi wokha uli poyera, LFO 1 kupita ku pitch, palibenso anatsutsa. Komatu ku Serum nakonso umakoka chimodzimodzi, ndiye ambulansi ikanalira basi.

Chomwe chinandisangalatsa ine nchakuti sanaufufute mzerewo. Anatsitsa amount kufika pang'ono zedi, nkuika bipolar kuti pitch izikwera ndi kutsika mozungulira noti yeniyeniyo, kenako anatenga mod wheel nkuiponya pa amount yomweyo, ndiye vibrato imabwera pokhapokha ukakankha wilo. Ambulansi ija inasanduka lead, sawundi yotsogolera nyimbo, yokoma moti achimwene aja anayamba kunena kuti nzomwe amafuna poyamba pomwe.

Zikomo anzathu potipirira, zikomo achemwali athu a ma vocal pojambula zonse pafoni, vidiyoyo musaifufute chonde. Sawundi ija tinaisunga dzina lake Ambulansi, ili mu laputopu ya a Tcheyamani, tikadzakumana mudzawakumbutse tchaja.