Zilembo zinayi za "port"

Aphunzitsi anzanga a Chingerezi, chonde tisamangouza ana kuti aloweze mawu limodzilimodzi. Taonani transport, import, export ndi portable. Onsewa ali ndi "port", yochokera ku mawu a Chilatini akuti portare, kutanthauza kunyamula. Export ndi kunyamula katundu kupita naye kunja, monga fodya ndi tiyi wathu. Import ndi kumulowetsa m'dziko, monga feteleza. Ngakhale report, imene ndimaikonda kwambiri, ndi nkhani yomwe munthu wanyamula n'kubwera nayo. Mwana akagwira zimenezi, mawu achilendo samuopsanso pamayeso.

Koma tiziwachenjezanso kuti "port" ya mu airport ndi ina. Imeneyo inachokera ku portus, kutanthauza doko, ngati la ku Beira kapena Nacala.