Zikomo nonse amene munandigwira mkono usiku wa mvula uja

Galimoto ija yatuluka ku galaja dzulo madzulo, ndipo lero m'mawa yawafikitsa amayi ku Kamuzu Central pa tsiku lawo lokaonana ndi adokotala. Ndati ndisagone ndisanathokoze, chifukwa masabata awiri apitawa ndinali nditataya mtima kuti injini yapita.

Ena mukukumbukira kuti chaka chatha boneti yanga inaphwanyika pa ngozi. Posaka ina ku Biwi ndinapeza ya faiba, yokhala ndi timazenera tiwiri totulutsira mpweya wotentha. Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, inkandithandiza: ndikaima pa mdipiti wa magalimoto ndinkachita kuona kutentha kukufuka pamwamba ngati pa mbaula. Za dzinja sindinaziganizire.

Lachisanu lija galimoto inaswera panja mvula ikukhuthuka. Usiku ndikupita ku Area 25 ndi amayi, titangodutsa pa Area 18, inayamba kunjenjemera ndi kutsokomola, mphamvu n'kutha, kenaka zii pakati pa msewu.

Anyamata atatu a kabaza munasiya njinga zanu pamvula n'kudzandikankha mpaka m'mbali. Ndinakupatsani kangachepe, munakana. Bambo ndi mayi amene munaima, n'kuwatenga amayi anga akunjenjemera ndi chisanu kukawasiya pakhomo penipeni, ngakhale maina sindinakufunseni. Alamu anga, munadzuka pakati pa usiku n'kubwera ndi chingwe kudzandikoka. Mulungu akubwezereni nonse.

Kutacha, aliyense woiona ankangogwedeza mutu n'kuloza boneti, amvekere injini yamwa madzi, yambani kufunsa mtengo wa ina. Ndinamva chidima. Galimoto imeneyi ndiyo miyendo ya amayi, ndipo ndalama ya injini ina ndinalibe.

Apa ndiye ndikufuna ndithokoze mwapadera madala amene amandikonzera galimoto. Nditawaimbira, mawu awo oyamba anali akuti, "Musailizenso, achimwene, tione kaye kuti madziwo alowera pati." Atafika anatsegula bokosi la air cleaner, sefa ya mpweya wolowa mu injini, n'kundigwiritsa ndi dzanja langa: youma gwa. Anasolola kachitsulo koyezera oyilo, oyilo ali bwinobwino, osati wotuwa ngati tiyi wamkaka monga amakhalira akasakanikirana ndi madzi. Kenaka anazula makoyilo, tizipangizo topereka moto ku mapulagi, ndipo m'maenje awiri a mapulagi munali madzi ali thithithi. Anawapopa, n'kuumitsa, ndiyeno n'kumasula mapulagiwo ndi kuzunguza injini ndi sipanala. Inazungulira myaa, popanda pogwira. Pamenepo ndi pamene ndinapuma.

Vuto linali loti kazenera kamodzi kali ndendende pamwamba pa makoyilo, chivindikiro chapulasitiki cha injini chinasowa kalekale, ndipo malabala a makoyilowo anali atang'aluka. Madzi anadontha tsiku lonse n'kudzaza maenjewo, moto m'malo mokafika ku pulagi unkathawira m'madzimo. Masilinda awiri anasiya kugwira ntchito.

Akanafuna, akanandiuza kuti injini yafa ndipo ndikanakhulupirira. M'malo mwake anandikhazika pa tayala lakutha n'kundiphunzitsa. Anati kunsi kwa boneti sikunatsekedwe ngati chitini. Galimoto iliyonse ikamayenda pamvula madzi amathovukira pa injini kudzera ku redieta ndi kunsi, n'chifukwa chake molumikizira mawaya muli timalabala. Anandikumbutsa za Hilux ya D-4D ndi ma Subaru ena, amene amachokera ku fakitale ali ndi chibowo pa boneti cholowetsa mpweya ku intercooler, chipangizo choziziritsa mpweya wopita mu injini, koma amayenda dzinja lonse osadandaula. Timazenera ngati tanga, galimoto ikamathamanga mpweya wotentha umatulukira pomwepo, choncho mvula yolowa ndi yochepa. Imalowa kwambiri galimoto ikangoima panja. Chofunika n'kuona chimene chili pansi pa zeneralo: ngati ndi makoyilo, bokosi la mafyuzi, alternator kapena air cleaner yapamtunda yopanda bokosi, pamenepo pafunika chotchinga.

Chimene chimapha injini, anatero madalawo, ndi madzi olowera kukamwa kumene imapumira. Mpweya umapanikizika, madzi sapanikizika. Pisitoni ikakwera n'kukumana ndi madzi mu silinda, conrod, chitsulo chogwira pisitoniyo kunsi, imapindika kapena kuthyoka, nthawi zina mpaka kuboola buloko. Zimenezi zimachitika kawirikawiri munthu akalowa m'madzi osefukira, ngati momwe zimakhalira ngalande zikadzadza kapena Lingadzi akakwiya, kenaka galimoto ikazima iye n'kumailizabe. Ine pamsewu paja ndinayesa kuiliza kawiri. Madzi akanakhala kuti alowa mu silinda, bwenzi lero ndikulemba zina.

Tagula makoyilo awiri ndi malabala atsopano, chivindikiro tachipeza ku Biwi komweko. Ndithokozenso mmisiri wa malata wa ku Mchesi amene anayeza boneti ndi kachingwe, n'kupinda tizitsulo tiwiri tokhala ngati mathireyi. Timamangidwa ndi mabawuti kunsi kwa timazenera, tili ndi mpata m'mbali woti kutentha kuzitulukabe, ndipo madzi amatsetserekera m'kapaipi kotsikira pansi. Chilimwe chikafika ndikhoza kutimasula. Tisanachoke madala anathira ndowa yathunthu pa boneti ine ndikuona, titatsegula, makoyilo ali ouma.

Anzanga a ku tchalitchi ndi a kuntchito amene munasonkha za makoyilo, ndi aneba amene munandibwereka galimoto kawiri kuti amayi asaphonye mankhwala, zikomo kwambiri. Mayi a kunyumba, munapirira nane masiku amene ndinkangokhala duu osadya.

Amayi alamula kuti Loweruka ndikawatulire madala aja tambala wawo wamkulu uja, ndipo ndipita naye. Koma anyamata a kabaza aja sindinawapezebe. Mmodzi anavala jekete yofiira ndipo njinga yake inali ndi mpando wobiriwira. Amene mumakwera kabaza cha ku Area 18, mukamuona chonde mundiuze, ndikufuna ndikamugwire chanza masana dzuwa likuwala.