Nkhunda zanga ku Ulongwe: maunda oyamba aswa

Khola la nkhunda zanga latha kumangidwa tsopano. Denga ndafolera ndi malata akale amene anatsala pokonza khitchini, mizati ndaikweza kufika pachifuwa, ndipo pamzati uliwonse ndavekapo chitini chozondotsa kuti khoswe kapena likongwe akamakwera aziterereka. Zipinda ndagawa ziwiriziwiri pa banja lililonse. Malume ndiwo anandilangiza zimenezi, akuti nkhunda yaikazi imaikiranso mazira maunda oyamba asanachoke m'chisa, ndiye ikasowa chipinda china imaikira pomwepo, ana n'kumapondaponda mazirawo.

Nkhani yaikulu mwezi uno ndi yakuti banja la nkhunda zotuwa laswa. Nkhunda imaikira mazira awiri basi, lachiwiri limabwera patapita pafupifupi masiku awiri, ndipo amaswa pakatha masiku 18 kapena kuyandikira pamenepo. Chimene ndinkangomva kwa anthu ndadzionera ndekha: zimafungatira mosinthana. Yaimuna imalowa dzuwa likakwera n'kukhala mpaka chakumadzulo, yaikazi n'kutenga usiku wonse mpaka m'mawa. Tsiku lina Loweruka ndinaona kusinthanako. Yaikazi inatera pakhomo pa chipinda, inalira pang'ono chapansipansi, yaimuna inadzuka mosamala ngati ikuopa kugwedeza mazira, n'kutuluka kukatambasula phiko limodzi ndi mwendo umodzi padenga, kenaka n'kupita kukamwa madzi. Kamwedwe kakenso n'kosiyana ndi ka nkhuku. Nkhuku imatapa madzi n'kukweza mutu, nkhunda imangomiza mlomo n'kumakoka mpaka itakhuta.

Maundawo poswa ndi oipa maonekedwe, tisanamizane. Khungu lofiira, tiubweya tachikasu patalipatali, maso otseka, mlomo waukulu kuposa mutu. Masiku oyamba sadya chimanga. Makolo onse awiri amatulutsa chakudya choyera, chonga chambiko, kuchokera m'chithokomiro, mwana n'kulowetsa mlomo wake m'kamwa mwa kholo. Pano nthenga zayamba kubowola khungu, ndipo madzulo chithokomiro chimakhala chitafufuma moti ukachikhudza umamva njere za mapira m'kati. Pakatha milungu inayi kapena isanu adzakhala atayamba kuyesa mapiko.

Ena mwandifunsa kuti munthu wogwira ntchito m'sitolo ya mbewu ndi feteleza nthawi ya nkhunda amaipeza kuti. Funsolo ndimaliyankha chammbuyo: ndinayamba nkhunda chifukwa madzulo anga ankathera ku sitolo ngakhale thupi litafika kunyumba. Ndikaweruka, mutu umatsala pa matumba a feteleza wa NPK ndi yureya amene sakugwirizana ndi za m'buku, pa mlimi wa mbatatesi wa ku Tsangano amene anatenga pangongole n'kuzimitsa foni, pa uthenga wa WhatsApp umene abwana atumize usiku. Lamulo la ntchito kuno ku Mozambique limanena maola 8 pa tsiku ndi 48 pa mlungu, koma lamulolo limawerenga maola amene uli pakauntala, osati amene wagona chagada n'kumawerengera matumba m'mutu. Mayi a kunyumba ankandiikira nsima, ine n'kumadya osadziwa kuti ndiwo zake n'chiyani. "Bambo, muli pano kapena muli ku sitolo?" Limenelo linali funso la tsiku ndi tsiku.

Pali akatswiri awiri a zamaganizo, Sabine Sonnentag ndi Charlotte Fritz, amene mu 2007 analemba za zimene zimathandiza wantchito kubwezeretsa mphamvu akaweruka. Anatchula zinayi: kuchotseratu maganizo pa ntchito, kumasuka thupi ndi mtima, kuphunzira luso lina lokuvutako pang'ono, ndi kudzisankhira wekha chochita ndi nthawi yako. Pa zinayizo, choyambacho ndicho chinkandikanika ine. Kukhala pampando ndi foni m'manja kumaoneka ngati kupuma, koma foniyo ndi yomweyo imene abwana amakupezerapo, ndipo maganizo akasowa chogwira amabwerera okha kumene achokera. Mpira wa pa kanema unkandithandiza mphindi 90, ukatha matumba aja n'kubwerera.

Nkhunda sizikupatsa mpata wotero. Ikakwana 5 koloko zimakhala zitandandalika padenga kuyang'ana kumsewu. Ndimasiya foni m'nyumba, ndimatenga kambale ka chimanga chokonola chosakaniza ndi mapira ndi nandolo pang'ono, ndimaimba mluzu, n'kuwaza. Kuyambira pamenepo maso amakhala ndi ntchito. Uyenera kuona kuti zabwera zonse, iti ikudya mozengereza, iti yafufumitsa nthenga, komanso kuyang'ana kumwamba chifukwa kabawi amadziwanso nthawi ya chakudya. Kenaka kutsuka chomwera, kusesa zitosi, kusuzumira m'zisa. Pomatha zonsezi dzuwa limakhala litalowa, kamphepo kozizira ka m'boma lathu lino la Angónia kayamba kuluma m'makutu, ndipo ndimazindikira kuti ola lathunthu ladutsa osaganizapo za yureya. Tulo timabwera msanga. Sindikunena kuti nkhunda ndi mankhwala. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO pamodzi ndi la zantchito la ILO linalengeza mu 2021 kuti kugwira ntchito maola 55 kapena kuposa pa mlungu kunapha anthu okwana 745,000 mu 2016 kudzera mu sitiroko ndi matenda a mtima. Munthu amene akugwiritsidwa ntchito motero sangapulumutsidwe ndi khola la nkhunda, ameneyo afunika amuchepetsere maola. Ine ndikukamba za ife amene timaweruka pa nthawi yake koma n'kunyamula ntchito m'mutu kupita nayo kunyumba.

Tsopano pabuka kamkangano. Mnzanga wa ku ntchito atabwera kudzaona khola, sanachedwe kuyamba masamu. "Achimwene, apatu pali ndalama. Banja lililonse maunda awiri, muchulukitse ndi mabanja khumi, mukagulitse kumsika Loweruka." Masamu akewo ndi oona, sindikutsutsa, ndipo masiku ano palibe amene angakane metikali yowonjezera. Koma ndakana. Tsiku limene ndidzagule kope n'kuyamba kulemba kuti chimanga chalowa chingati, maunda atuluka angati, wakuti sanalipire, ndidzakhala ndatsegula sitolo yachiwiri kuseri kwa nyumba. Kabawi akagwira imodzi lero ndimamva chisoni, koma sindiwerengera kuti ndaluza zingati. Zikachuluka tizidya ndi ana, zina ndizipatsa anansi. Malume atamva anaseka. "Mphwanga, nkhunda sizikhala pakhomo pa phokoso. Ukayamba kukangana ndi anthu a ngongole pabwalo pano, udzadzuka khola lili mbee." Akuluakulu amatero ndithu, kuti pakhomo pa mikangano nkhunda zimasamuka.

Mavuto alipo awiri. Loyamba ndi utitiri, umene wayamba kuoneka m'zisa pamene kunja kwayamba kufunda. Ndathira phulusa pansi pa chisa chilichonse ndipo ndaika mitsitsi ya masamba a fodya wouma kuti nkhunda zizimangira zisa, poti kuno fodya sasowa. Zikuoneka kuti wachepa, koma ndiona bwino kutentha kwa Okutobala kukafika. Lachiwiri ndi yaimuna yoyera imene ndinasinthanitsa ndi tambala ku Domwe. Ndinaitsekera milungu ingapo kuti izolowere, koma ikangotuluka imazungulira kutali kuposa zinzake ndipo imabwera mochedwa. Ilibe mkazi, ndiye palibe choibweza. Ndikufunafuna yaikazi yamsinkhu wake, makamaka kwa woweta wa mbali ya Calomue kapena kutsidya ku Dedza, kuti magazi asakhale amodzimodzi ndi zanga zinazi.

Chodetsa nkhawa china n'chakuti nyengo yogula mbewu ndi feteleza yayandikira. Kuyambira Okutobala mpaka mvula itakhazikika, sitolo imadzaza ndipo kutseka 5 koloko kumavuta. Ndayamba kuphunzitsa mwana wanga wamkulu mluzu uja ndi muyeso wa chakudya, kuti masiku amene ndachedwa aziwaza iyeyo. Kutsuka chomwera ndi kuyendera zisa ndasunga kuti zikhale zanga, ngakhale zitatanthauza kuchita ndi tochi. Mvula isanagwe ndiyeneranso kutseka mbali ya kum'mawa ya khola ndi mphasa yakale, chifukwa mphepo ikuwomba molunjika chipinda chimene muli maunda.